Akumva kuti mukulankhula koma mawu sakuwagwira: zimene khutu la pakompyuta latiphunzitsa

Mphunzitsi wina wa sayansi kusekondale wandilembera motere: "Bambo anga anagwira ntchito pachigayo zaka zoposa 20. Masiku ano amati akumva kuti munthu akulankhula, koma mawu sakuwagwira, makamaka pamaliro kapena kutchalitchi pamene anthu achuluka. Mukakweza mawu amakhumudwa, amati mukuwakalipira. Tinawagulira kachipangizo kokweza mawu pamsika, anangokavala masiku awiri n'kukaponya m'kabati. Ndinawerenga kuti asayansi amapanga khutu la munthu pakompyuta. Amalipanga bwanji? Ndipo ngati khutu akulidziwa chonchi, akulephereranji kupanga chipangizo chobwezera kumva kwa bambo anga?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo pepani ndi vuto la bambo. Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo achikulirewo. Sakuchita makani ndipo sakunamizira. Zinthu zitatu mwatchulazi, kusagwira mawu pagulu, kupwetekedwa ndi mawu okweza, ndi kukana kachipangizo ka pamsika, zonse zikuchokera pa gwero limodzi. Gwerolo tinalimvetsa bwino anthu atayamba kumanga khutu ndi masamu, makamaka pamene masamuwo anakana kugwirizana ndi khutu lenileni.

Ana athu akamapanga galimoto ya mawaya saikamo injini kapena mipando, koma chiwongolero chimakhota ndipo mateyala amazungulira. Mwanayo wasankha zimene akufuna kuti zifanane ndi galimoto yeniyeni, zina wazisiya. Khutu la pakompyuta lilinso choncho. Si chithunzi cha khutu ayi. Ndi pulogalamu yodzaza masamu, imene mumaipatsa mawu ojambulidwa, iyo n'kuwerengetsera mmene chiwalo chilichonse cha m'khutu chingagwedezekere, mpaka kukutulutsirani uthenga umene mtsempha wa kumva ukanapititsa ku ubongo. Anzathu amati model, ife tingoti modelo. Phindu lake lalikulu ndi lakuti mukhoza kuiwononga mwadala. Khutu la munthu wamoyo simungalitsegule n'kuthyola kachiwalo kamodzi kuti muone chimene chichitike, koma la pakompyuta mumangosintha nambala imodzi basi.

Chiyambi cha ulendo wa mawu mumachiphunzitsa kale. Mpweya ukanjenjemera umagunda nembanemba ya m'khutu, ija ena amati ng'oma. Kuseri kwake kuli timafupa titatu, ndipo kotsiriza, ka mamilimita atatu okha, ndiko kafupa kakang'ono kuposa onse m'thupi. Ntchito ya timafupati ndi kukankha madzi, pakuti mkati mwenimweni mwa khutu muli madzi, ndipo mawu a mumpweya salowa m'madzi mosavuta. Amene anasambirapo pansi pa madzi kunyanja akudziwa kuti anzake akamafuula kumtunda iye samva kwenikweni. Nembanemba ndi yotambalala, kawindo kamene kafupa kamakankha ndi kakang'ono, motero mphamvu imaunjikana pamalo amodzi n'kuchuluka pafupifupi ka 20, monga imachitira pansonga ya msomali. Gawo limeneli pakompyuta silichedwetsa munthu. Thukuta limayamba tikalowa m'kankhono.

Kankhono ndi chiwalo chimene madokotala amachitcha cochlea. Kukula kwake ngati njere ya mtedza, ndipo kanapindika kawiri ndi theka ngati chigoba cha nkhono. Mutakatambasula kangatalike mamilimita pafupifupi 35. M'litali mwake monse mwadutsa kansalu kopyapyala kotchedwa basilar membrane, ndipo chinsinsi chili pa kapangidwe ka kansaluka: pakhomo, pamene kafupa kamakankha, ndi kopapatiza ndi kokungika, koma kumapeto ndi kotambalala ndi kofewa. Amene anaonapo valimba wa ku Nsanje aganize za mitengo yake, yaifupi mbali ina, yaitali mbali ina, uliwonse ndi liwu lake. Mawu akuthwa, ngati a nyenje kapena wezulo ya oyimbira mpira, amagwedeza kansalu kufupi ndi khomo. Mawu a besi, ngati ng'oma yaikulu kapena kugunda kwa bingu patali, amakagwedeza kumapeto. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira kunjenjemera ka 20 pa sekondi mpaka ka 20,000, ndipo konseku kunayalidwa pa mamilimita 35 amenewa. Hermann von Helmholtz wa ku Germany ndiye anafalitsa ganizo limeneli mu 1863, iye nkumayerekeza ndi zingwe za piyano.

Woyamba kuona kansaluka kakugwedezeka anali Georg von Békésy wa ku Hungary, amene ankagwira ntchito mu labotale ya matelefoni ku Budapest. Pofuna kudziwa chimene lamya iyenera kukwaniritsa, anaona kuti ayambe wamvetsa khutu limene lamyayo ikulankhula nalo. Ankatenga makutu a anthu omwalira ndi a nyama, n'kumaboola fupa mosamala pansi pa maikulosikopu, n'kuwaza tizidutswa ta siliva pakansalu kuti aone kuyenda kwake. Zimene anaona zinasiyana ndi valimba. Palibe mtengo umodzi umene umalira wokha. M'malo mwake funde limanyamuka pakhomo, limayenda likukula, limafika pachimake pamalo a liwulo, kenaka limafa mwadzidzidzi, ngati mmene chimachitira chingwe chachitali mukachikutumula mbali imodzi. Iye anapanganso modelo ya manja: chubu cha madzi chokhala ndi mphira pamwamba, munthu n'kutsamiritsapo mkono. Liwu likasintha, munthuyo ankamva kunjenjemera kukusamuka malo pakhungu la mkono. Ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1961.

Ndiye pakompyuta timatani? Timatenga kansalu kaja n'kukadula m'maganizo tizigawo tambiri, mamodelo ena amafika tizigawo 1,000. Kachigawo kalikonse timakapatsa nambala zitatu: kulemera kwake, kukungika kwake, ndi kuchuluka kwa zimene zikukaletsa kuyenda. Kenaka timagwiritsa ntchito lamulo lachiwiri la Newton, lonena mmene mphamvu imasinthira liwiro la chinthu, lomwe lija mumalemba pabolodi chaka ndi chaka. Chimene chimalumikiza tizigawoti ndi madzi: kachigawo kamodzi kakasuntha kamakankha madzi, madziwo amakankha kotsatira. Kompyuta imawerengetsera zonsezi, imasuntha nthawi pang'ono, imawerengetseranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi ya mawu, ndipo funde la Békésy limabadwa lokha m'masamumo popanda munthu kulilembamo. Tsiku limene ndinaliona koyamba likukwawa pasikirini ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ndinali nditangoika malamulo a m'buku la Fomu 3, koma chimene chinatuluka chinali khutu. Mapu a malo ndi liwu anawaika m'masamu ndi Donald Greenwood mu 1961. Malinga ndi mapuwa, liwu lonjenjemera ka 1,000 pa sekondi limakafika pachimake mamilimita pafupifupi 21 kuchokera pakhomo, pamene la 4,000 limathera pa mamilimita pafupifupi 12. Nambala yachiwiriyi muisunge, tiifuna pa nkhani ya bambo.

Palinso njira yachidule. M'malo mowerengetsera madzi ndi kansalu, ena amangoika mzere wa masefa, sefa iliyonse n'kumalola mawu a msinkhu wake okha kudutsa, monga sefa ya ufa imalekanitsira ufa ndi misere. Masefa odziwika kwambiri a mtunduwu amatchedwa gammatone, ndipo anafala ndi ntchito ya Roy Patterson ndi anzake ku Cambridge. Njirayi ndi yachangu, ndipo abale ake muli nawo m'thumba: mapulogalamu ambiri omva mawu a munthu pafoni amayamba ndi masefa otengera khutu, ndipo nyimbo ya MP3 imachepa chifukwa pulogalamu imataya mawu amene yawerengetsera kuti khutu silikanawamva, atabisidwa ndi ena amphamvu.

Tsopano tafika pamtima pa yankho lanu. Mamodelo oyamba ankagwirizana bwino ndi zimene Békésy anaona, koma sankagwirizana ndi munthu wamoyo. Funde lawo linali lotambalala kwambiri, losatha kulekanitsa mawu oyandikana, pamene woyimba kwaya aliyense amadziwa mnzake akaphonya pang'ono pokha. Linalinso lofooka, losakwanira kufotokoza mmene timamvera udzudzu usiku. Békésy ankayeza makutu akufa, ndipo kuti aone kugwedezeka ankachita kuwaombera phokoso lamphamvu zedi. Mu 1948 wasayansi wachinyamata ku Cambridge, Thomas Gold, amene nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anagwira ntchito ya radar (makina ozindikira ndege ndi sitima zili kutali), anati masamu sakulola: chinthu chonjenjemera m'madzi chimazizira msanga, ngati mutayesa kuliza valimba pansi pa dziwe. Iye anati m'khutu muyenera kukhala kanthu kamoyo kowonjezera mphamvu, ndipo ngati kalipo, nthawi zina khutu liyenera kutulutsa mawu lokha. Akatswiri a makutu a nthawiyo sanamulabadire, iye n'kupita kukaphunzira za nyenyezi. Mu 1971 William Rhode ku Wisconsin anayeza kansalu ka anyani amoyo n'kupeza kuti kamalabadira kwambiri mawu apansipansi kusiyana ndi amphamvu, ndipo khalidweli limatha nyama ikafa. Kenaka mu 1978, patatha zaka 30 chilankhulire Gold, David Kemp ku London anaika kamaikolofoni m'khutu la munthu, analiza kaphokoso kakafupi, ndipo patapita kanthawi kochepa khutulo linayankha ndi kaliwu kake.

Kamoyo kaja ndi maselo. Pamwamba pa kansalu pakhala maselo okhala ndi tiubweya kumutu, a mitundu iwiri. Amkati, pafupifupi 3,500 pamzere umodzi, ndiwo amatumiza uthenga ku ubongo. Akunja, pafupifupi 12,000 m'mizere itatu, ntchito yawo ndi ina: mu 1985 William Brownell ndi anzake anaonetsa kuti selo lakunja limafupika ndi kutalika magetsi ake akasintha, ndipo mu 2000 gulu la Peter Dallos ku Northwestern University linapeza puloteni imene imachititsa zimenezi, n'kuitcha prestin. Ganizirani mwana ali pa katungwe, wina akumukankha pang'ono pa nthawi yake yeniyeni. Maselo akunja amakankha kansalu motero, kambirimbiri pa sekondi. Mawu akakhala apansipansi amakankha mwamphamvu, n'kuwonjezera madesibelo (muyeso wa kukula kwa mawu) 40 mpaka 60, ndiko kuti kugwedezeka kumachuluka ka 100 mpaka ka 1,000. Mawu akamakula iwo amachepetsa dzanja, ndipo akafika paphokoso lalikulu amangosiya. Kunja mukawonjezera madesibelo 10, kansalu kamangowonjezera awiri kapena atatu. Umu ndi mmene khutu limodzi lomwelo limamvera tsamba likugwa ndi bingu lomwe, ngakhale kukankha kwa mpweya pakati pa kaliwu kochepetsetsa ndi phokoso lopweteka kumasiyana ka miliyoni. Ndipo popeza amakankha pamalo a liwulo pokha, funde limasongoka, mawu oyandikana n'kulekana. Modelo iliyonse yabwino ya masiku ano ili ndi gawo limeneli. Ya Richard Lyon, amene anayamba ntchitoyi mu 1982 ndipo mu 1988 anapanga kankhono ka magetsi pamodzi ndi Carver Mead ku yunivesite ya Caltech ku America, imachita zimenezi ndi masefa olumikizana amene amadzichepetsera okha mphamvu mawu akakula.

Ndikuonetseni zimene ndimachita ndi ophunzira. Ndimajambula pafoni mawu awiri, "sala" ndi "fala", n'kuwalowetsa mu modelo. Pasikirini pamatuluka chithunzi: kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi, kuchokera pansi kupita pamwamba ndi malo a m'kankhono, ndipo pamene mitsempha ikugwira ntchito kwambiri pamawala. Ma "a" awiri aja amaoneka ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino, yowala, yolekana. "S" amaoneka ngati kamtambo kowala kumwamba, kumalo a mawu akuthwa opitirira 4,000, pamene "f" ndi kankhungu kozilala komwazikana. Wophunzira aliyense amatha kuloza kuti uyu ndi sala, uyu ndi fala. Kenaka ndimapita pa nambala ya maselo akunja a chigawo cha 3,000 mpaka 6,000, n'kuitsitsa. Ndasankha chigawo chimenechi chifukwa phokoso la makina limayambira pomwepo kuwononga, pa mamilimita 12 aja. Ndikayendetsanso pulogalamu, ma "a" akadalipo ndithu, owala, koma kamtambo ka "s" kazima, kankhungu ka "f" kasowa, ndipo zithunzi ziwirizi zangofanana: "ala" ndi "ala". Ndikathiramo phokoso la anthu ambiri olankhula, mizere yomwe ija imayamba kulowana ngati munda wokokoloka ndi mvula.

Chithunzi chimenecho ndicho bambo akukhala nacho tsiku ndi tsiku. Mavawelo ali ndi mphamvu ndipo amakhala kumawu otsika, n'chifukwa chake akumva kuti mukulankhula. Koma zimene zimalekanitsa sala ndi fala kapena tsala, ndi kampweya kamene kamalekanitsa pala ndi phala, kola ndi khola, ndi zofooka ndi zosakhalitsa. Pawiri m'nyumba ubongo wawo umatha kulumikiza nkhani, chifukwa Chichewa akuchidziwa kuyambira ali mwana. Pamaliro zolumikizira zimachepa, ndipo kutopa kumene amabwera nako kunyumba ndi kwenikweni.

Nanga kukhumudwa mukakweza mawu? Kumbukirani kuti maselo akunja amathandiza mawu apansipansi okha. Akafa, mawu ofooka amasowa, koma amphamvu amafika monga kale, chifukwa amenewo sankafuna thandizo. Inu muli ndi mpata waukulu pakati pa "sindikumva" ndi "zikundipweteka". Kwa bambo mpatawo wapanikizika: mukanong'ona palibe kanthu, mukangokweza pang'ono mwafika kale pa kukalipa. Kachipangizo ka pamsika kaja kamakweza chilichonse mofanana, mawu a mdzukulu ndi kugwa kwa mbale chimodzimodzi, besi amene bambo akumumva kale pamodzi ndi mawu akuthwa amene akuwasowa. Anachita bwino kukavula, ndipo musawakakamize kukavalanso, pakuti phokoso lopitirira muyeso likhoza kumaliza maselo amene atsala.

Pali gawo linanso limene mamodelo amalisamala kwambiri, pamene selo lamkati limakumana ndi mtsempha. Tiubweya tikapendekera mbali imodzi timatsegula timakomo, magetsi amalowa, selo n'kutulutsa mankhwala odzutsa mtsempha. Ray Meddis wa ku England mu 1986 anaziika m'masamu ngati thanki ya madzi: mukangotsegula mpopi madzi amatuluka mwamphamvu, kenaka amachepa mpaka kufanana ndi amene akulowa. N'chifukwa chake mtsempha umalabadira kwambiri chiyambi cha liwu kusiyana ndi kupitirira kwake. Mitsempha ya kumva ilipo pafupifupi 30,000 khutu lililonse, ndipo si yofanana: ina imadzuka ndi kaliwu kochepa n'kukhuta msanga, ina imadikira mawu amphamvu, ndipo iyi ndi imene imathandiza pagulu. Mamodelo a Laurel Carney wa ku Rochester ndi Ian Bruce wa ku McMaster ku Canada amatsanzira mitundu yonseyi. Mu 2009 Sharon Kujawa ndi Charles Liberman ku Boston anaika mbewa paphokoso la madesibelo 100 kwa maola awiri. Patapita masabata mbewazo zinayambanso kumva mawu apansipansi ngati kale, koma m'zigawo zina za kankhono pafupifupi theka la malumikizidwe a selo ndi mtsempha linali litatha. Kukula kwa vutoli mwa anthu akatswiri akukambiranabe, ndipo mamodelo ndi chimodzi mwa zida zimene akugwiritsa ntchito pofuna njira yoliyezera munthu ali moyo. Kwa munthu wa zaka 20 pachigayo, ine sindingadabwe ngati mbali iyinso inakhudzidwa.

Funso lanu lachiwiri ndi lowawa, ndipo ndiliyankha mosabisa. Kudziwa mmene chinthu chimagwirira ntchito sikubwezeretsa chinthucho. Maselo aubweya a munthu akafa samameranso. Nkhuku ya pakhomo panu imatiposa pamenepa: mu 1988 zinatsimikizika kuti mbalame zimameretsa maselo atsopano akawonongeka, ndipo kuyambira pamenepo ofufuza akhala akufunafuna njira yoti khutu la munthu lichite chimodzimodzi. Chipangizo chilichonse chimene tingavale chimayima kunja, n'kumalankhula ndi kankhono kowonongeka komweko. Chipangizo chenicheni cha kuchipatala chimachita zambiri zimene mamodelo anatiphunzitsa: chimagawa mawu m'zigawo, chimakweza zigawo zokhazo zimene munthu akuzisowa, chimakweza kwambiri mawu ofooka n'kusiya amphamvu, ndiko kutsanzira ntchito ya maselo akunja. Muyeso wa kakwezedwe umachokera m'masamu monga a bungwe la National Acoustic Laboratories la ku Australia, ndipo katswiri amautchera molingana ndi zotsatira za munthuyo. Chimene sichingathe ndi kusongolanso funde lija. Mawu oyandikana amalowanabe mkatimo, n'chifukwa chake ngakhale chipangizo chodula sichithetseratu vuto la pagulu.

Njira imene ikundipatsa chiyembekezo ndi iyi: kukhala ndi mamodelo awiri, wina wa khutu labwino, wina wowonongedwa mofanana ndi khutu la munthu amene tikumuthandiza, kenaka kulola kompyuta kufunafuna kasinthidwe ka mawu kamene kangachititse kuti uthenga wa khutu lowonongeka ufanane ndi wa labwino. Chopinga chinali liwiro, pakuti modelo ya tizigawo 1,000 imachedwa kwambiri moti singakwane m'kachipangizo ka kuseri kwa khutu. Gulu la Sarah Verhulst ku Ghent, m'dziko la Belgium, linaphunzitsa pulogalamu ya mtundu wa neural network, yophunzira kuchokera ku zitsanzo, kutsanzira modelo yochedwayo, n'kutulutsa pulogalamu yotchedwa CoNNear mu 2021, imene imathamanga mokwanira kuyendera limodzi ndi mawu. Ntchitoyi ikadali ya m'malabotale, musayembekezere kuipeza m'sitolo chaka chino.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali mbali imene imatikhudza ife olankhula Chichewa. Kwa amene kankhono kanaferatu pali chipangizo chochita kuikidwa ndi opaleshoni, cochlear implant, chimene chimalambalala maselo n'kudzutsa mtsempha ndi magetsi. Ingeborg ndi Erwin Hochmair ku Vienna mu 1977, ndi Graeme Clark ku Melbourne mu 1978, ndiwo anatsegula njira ya zipangizo za mawaya ambiri. Mkati mwake muli modelo ya khutu yachidule: masefa amagawa mawu, gawo lililonse n'kupita pa malo ake m'kankhono. Koma malo odzutsira alipo 12 mpaka 22 okha, pamene maselo amkati anali 3,500. Chodabwitsa n'chakuti zimathekabe. Robert Shannon ndi anzake ku Los Angeles anaonetsa mu 1995 kuti zigawo zinayi zokha zimakwanira kuti munthu amve ziganizo za Chingerezi pamalo a zii. Chimene chimatayika kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo kafukufuku wa olankhula Chimandarini ku China waonetsa kuti ovala chipangizochi amavutika nako. Ife liwu limatisiyanitsira mtengo wa mango ndi mtengo wa chimanga pamsika, khungu la pathupi ndi khungu la maso. Limasiyanitsanso "ndimathandiza" wa masiku onse ndi "ndimathandiza" wa dzulo, ngakhale timalemba mofanana. Choncho kwa ife kuyesa chipangizo ndi ziganizo za Chingerezi zokha sikukwanira. Mamodelo ambiri ndawatchulawa amapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo wophunzira wodziwa chilankhulo cha kompyuta cha Python pang'ono, ali ndi laputopu ndi foni yojambulira, akhoza kulowetsamo mawu a Chichewa n'kuona zimene zimatsala. Ngati muli ndi mwana wa Fomu 4 wokonda masamu ndi kompyuta, mulozereni kumeneku.

Chenjezo limodzi: nambala zambiri za m'mamodelo zinachokera ku amphaka, mbira, mbewa ndi nyama zina, chifukwa kankhono ka munthu kanabisika m'fupa lolimba kwambiri la chigaza. Pamakhala kusintha kuti zigwirizane ndi munthu, ndipo mu 2002 Christopher Shera, John Guinan ndi Andrew Oxenham anapereka umboni wakuti masefa a khutu la munthu ndi osongoka kuposa a nyamazi. Ubongonso umatumiza malamulo kubwerera ku maselo akunja, mbali imene mamodelo ambiri amaifupikitsa kapena kuisiya. Modelo ingakuuzeni chifukwa chimene anthu onga bambo amavutikira, koma singalowe m'malo mwa kuyeza khutu lawo lenileni.

Ndiye apititseni akayezedwe. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loyeza kumva, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Ayambe awasuzumira m'khutu, chifukwa phula lotseka kapena mafinya zimawonjezera vuto ndipo zimenezo zimachizika. Kenaka adzawaveka mahedifoni n'kumaliza timawu tosiyanasiyana kuti ajambule mapu a kumva kwawo. Mukadzaona mzere utagwera pansi pafupi ndi 4,000, mudzakhala mukuona dzanja la chigayo, ngakhale kuti ukalamba nawonso umadya mawu akuthwa. Akhozanso kuwaika kachubu kofewa m'khutu kuti amvetsere yankho lija Kemp anapeza. Ndi kuyeza komweko kumene amachita kwa makanda ali mtulo pamiyendo ya amayi awo, ndipo yankho likasowa, njira ya khutu ili yoyera, ndiye kuti maselo akunja sakugwira ntchito bwino. Muwauzenso adokotala za mankhwala amene bambo analandirapo. Ambiri timakumbukira mmene kwinini amalizira m'makutu, ngakhale zimenezo kawirikawiri zimatha mankhwala akatha, koma jakisoni wa streptomycin, kanamycin kapena gentamicin akhoza kupha maselo mpaka kalekale. Musanapite, lembani mawu amene bambo amasokoneza kawirikawiri ndi malo amene amavutika kwambiri, zidzathandiza wotchera chipangizo. Akachilandira adzafunika masabata angapo kuti ubongo uzolowere, ndi kubwereranso kuti akachitcherenso.

Kunyumba, muzimitse wailesi musanayambe nkhani. Muwaitane kaye kuti akuyang'aneni, mukhale moyang'anizana pamalo owala kuti aone milomo, mulankhule mosathamanga ndi liwu lanu la masiku onse. Akapanda kumva, musabwereze mawu omwewo mokweza, sinthani kanenedwe. Kutchalitchi akhale kutsogolo, koma osati pafupi ndi sipika.

Ndipo ngati pachigayo paja pali mnyamata amene analowa m'malo mwawo, kamuoneni. Muyeso umene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito ndi wakuti madesibelo 85 munthu asapitirire nawo maola 8 pa tsiku, ndipo mukawonjezera madesibelo atatu nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 pamatsala mphindi 15 zokha. Simufunika makina kuti mudziwe. Imani naye motalikirana mkono umodzi chigayo chikulira. Ngati mukuchita kufuula kuti akumveni, mugulireni zotsekera m'makutu za ogwira ntchito m'mafakitale, thonje silikwanira, ndipo azivala asanalize injini.